Zoyenera kuchita makompyuta a Windows, Mac ndi Linux akakana kugawana mafayilo mu ofesi

M'maofesi ambiri a kuno kuchigwa cha Shire, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo ndi Ngabu mpaka ku Bangula ndi pa boma la Nsanje, makompyuta sagulidwa tsiku limodzi. Ya alembi imapezeka kuti ndi ya Windows 10, ya owerengera ndalama ndi ya Windows 11, m'chipinda chophunzitsiramo muli ina imene inabwera ngati thandizo ili kale ndi Ubuntu, umene ndi mtundu wina wa Linux, ndipo akuluakulu akamatsika kuchokera ku Blantyre amabwera ndi MacBook. Onsewa amafuna kupatsana malipoti, zithunzi ndi mindandanda ya mayina. Fulashi imafalitsa mavayirasi, ndipo kutumiza pa WhatsApp kapena pa imelo fayilo imene ikungopita pa tebulo loyandikana n'kuwononga bandulo pachabe. Njira yabwino ndi foda imodzi yotsegulidwa pa netiweki ya mu ofesi momwemo, imene imagwira ntchito ngakhale intaneti itatha. Malangizo awa ndi a tsiku limene foda imeneyo yakana kutseguka.

Dziwani poyamba kuti makompyuta amenewa, ngakhale amaoneka osiyana, amagawana mafayilo kudzera m'njira imodzi yotchedwa SMB. Windows imabwera nayo, Mac ilinso nayo, ndipo Linux imagwiritsa ntchito pulogalamu ya Samba, imene Andrew Tridgell wa ku Australia anaitulutsa koyamba mu 1992. Choncho munthu akakuuzani kuti Mac ndi Windows siziyenderana, kapena kuti muyenera kufufuta Ubuntu n'kuikamo Windows, musamumvere. Vuto limakhala pa malo amodzi mwa angapo odziwika, ndipo limapezeka mukalifufuza mwa dongosolo lake. Mlimi wa m'sikimu ya mthirira, madzi akapanda kufika m'munda mwake, sayamba n'kugalauza mundawo, koma amayambira ku mpope n'kutsata ngalande mpaka atapeza pamene yatsekeka. Inunso yambani ndi magetsi ndi mawaya, kenako maadiresi, ndipo za mayina ndi mapasiwedi zibwere pambuyo. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, n'kuyesa, n'kulemba m'kope chimene mwasinthacho, chifukwa mukasintha zisanu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chakonza ndi chimene chawononga.

Pitani kaye pa kompyuta imene imasunga fodayo mukaone ngati ili yoyaka ndiponso ngati sinagone. Kompyuta yogona sipereka mafayilo, ndipo laputopu ikachoka pa magetsi n'kuyamba kudya batire imagona msanga. Ngati ndiyo imasunga foda ya ofesi yonse, lowani mu Settings, pa gawo la Power, muiuze kuti isamagone ikakhala pa magetsi. Kenako yang'anani rauta kapena switch, kabokosi kamene kamalumikiza makompyuta onse pa netiweki. Pamene waya walowa pamayenera kuyaka kanyali, ndipo ngati kazima, tulutsani wayayo mumulowetsenso mpaka mumve kuti wagwira, kapena muyese wina amene mukudziwa kuti ndi wabwino. Makoswe amadya mawaya odutsa kudenga, fumbi limadzaza m'timabowo, ndipo waya mmodzi asapitirire mamita 100. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukamapitirira madigiri 40, rauta imene ili pa windo kapena yotsekeredwa m'kabati imatha kuuma mutu nyali zake zikuyakabe bwinobwino. Ikhudzeni ndi dzanja. Ngati ikuotcha, izimitseni kwa kanthawi, muisunthire pamthunzi podutsa mpweya, kenako muiyatsenso.

Mawaya akakhala bwino, fufuzani maadiresi, ndipo apa m'pamene ndikupemphani kuti mudekhe, chifukwa mavuto ambiri a kuno amathera pomwepa. Kompyuta iliyonse imalandira adiresi ya IP kuchokera ku rauta. Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba ipconfig, ndipo muwerenge mzere wa IPv4 Address. Pa Linux tsegulani Terminal n'kulemba ip addr. Pa Mac lowani mu System Settings, pa Wi-Fi kapena pa Network, mudine Details. Lembani maadiresi a makompyuta onse awiri pa pepala limodzi. Pa netiweki wamba ya mu ofesi, zigawo zitatu zoyambirira ziyenera kufanana: ina ikakhala 192.168.1.20, inzake ikhale monga 192.168.1.35. Mukapeza kuti ina ndi 192.168.1.20 pomwe inzake ndi 192.168.8.101, ndiye kuti zili pa manetiweki awiri osiyana, ndipo palibe chimene mungasinthe mu Windows choti zionane. Izi zimachitika kawirikawiri bandulo ya ofesi ikatha: wina amalumikiza laputopu yake ku MiFi kapena ku hotspot ya foni kuti atumize imelo, n'kuiwala kubwerera. Adiresi yoyamba ndi 172.20.10 imasonyeza kuti kompyutayo ili pa hotspot ya iPhone. Yoyamba ndi 169.254 ndi imene kompyuta imadzipatsa yokha ikalephera kulandira kuchokera ku rauta, ndiye bwererani ku waya, ku Wi-Fi kapena ku rautayo.

Palinso chinthu chimene chimasokoneza anthu ambiri, choti dzulo foda imatseguka, lero yakana, chikhalirecho palibe amene wakhudza chilichonse. Funsani ngati magetsi anathima. Rauta ikazima n'kuyakanso imatha kugawa maadiresi mwatsopano motsatira amene wayamba kupempha, moti kompyuta imene dzulo inali 192.168.1.20 lero yakhala 192.168.1.23, pomwe ena onse akuifunabe pa adiresi yakale. Amene anagwira ntchito m'miyezi yotsatira namondwe wa Ana, amene anawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, akukumbukira mmene kusinthasintha pakati pa magetsi, jenereta ndi sola kunalili, ndipo kusintha kulikonse kumazimitsa rauta. Mankhwala ake ndi kuipatsa kompyuta yosunga fodayo adiresi yosasintha. Tsegulani browser, lembani adiresi ya rauta, imene ndi nambala ija ipconfig imaitchula kuti Default Gateway, lowani ndi pasiwedi yake, ndipo pa gawo la DHCP mufufuze pamene palembedwa Address Reservation kapena Static Lease. Sankhani kompyutayo n'kuimangirira adiresi imodzi. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa kulemba adiresi pa kompyuta penipenipo, chifukwa laputopu yolembedwa adiresi ndi manja imavutitsa mwini wake akapita nayo ku netiweki ina. Mukatero lembani adiresiyo pa kapepala n'kumata pa kompyutayo. Ngati ndalama zilipo, ka UPS kakang'ono ka rauta yokha, kachipangizo ka batire kopereka magetsi akathima, kamachepetsa kwambiri vutoli.

Tsopano yesani ngati makompyutawo akumvana. Pa kompyuta yofuna mafayilo lembani ping 192.168.1.20, kuikapo adiresi ya inzakeyo. Windows imayesa kanayi n'kusiya yokha, koma pa Mac ndi Linux muyenera kuimitsa ndi Ctrl ndi C. Mayankho akabwera, njira ilipo. Akapanda kubwera musafulumire kugamula, chifukwa firewall ya Windows, imene ndi chitetezo chotchinga zolowa kudzera pa netiweki, nthawi zambiri imakana ping ngakhale kompyutayo ili bwinobwino. Kuyesa kodalirika ndi kwa port 445, imene ili ngati khomo limene SMB imadutsira. Pa Windows tsegulani PowerShell n'kulemba:

Test-NetConnection 192.168.1.20 -Port 445

Ikayankha kuti TcpTestSucceeded ndi True, mbali imeneyi ilibe vuto. Pa Mac kapena Linux lembani nc -zv 192.168.1.20 445. Ngati maadiresi akufanana koma zonse zikukana, ndipo makompyuta onse ali pa Wi-Fi, yang'anani mu rauta ngati mwayatsidwa chinthu chotchedwa AP Isolation kapena Client Isolation, chimene ntchito yake ndi kuletsa zipangizo za pa Wi-Fi kuti zisaonane. Wi-Fi ya alendo, ija yokhala ndi dzina la Guest, imakhala yotero mwadala.

Ngati yosunga fodayo ndi ya Windows, chinthu choyamba kuchiona ndi mtundu wa netiweki. Windows ikalumikizidwa koyamba ku netiweki yatsopano imakonda kuitenga ngati Public, kutanthauza malo osadalirika monga ku malo ogona alendo, ndipo imatseka zogawana. Mukasintha rauta kapena dzina la Wi-Fi, imayambiranso kuiona ngati yachilendo. Lowani mu Settings, pa Network & Internet, tsegulani Properties ya netiweki imene muli, musankhe Private. Kenako lembani Advanced sharing settings pofufuzira pa Start, muyatse Network discovery ndi File and printer sharing pa gawo la Private. Mukachita zimenezi firewall ya Windows imatsegula yokha pofunika. Antivayirasi ina imabwera ndi firewall yakeyake, ndipo nayonso iyenera kuuzidwa kuti netiweki ya ofesi ndi yodalirika. Mutha kuizimitsa kwa mphindi imodzi pofuna kuyesa basi, koma kuisiya yozima mpaka kalekale ndi kulakwitsa kumene sindingakuvomerezeni.

Anthu ambiri amadandaula kuti kompyuta inzake sikuoneka pa Network. Kusaoneka si kusafikika. Mndandanda wa pa Network ndi wosadalirika makompyuta akakhala a mitundu yosiyana, popeza Windows imalengeza kupezeka kwake m'njira ina, ndipo Mac imagwiritsa ntchito ina yotchedwa Bonjour. Musataye nthawi kudikira kachizindikiro. Pa Windows dinani batani la Windows ndi R pamodzi, mulembe \\192.168.1.20 n'kudina Enter. Pa Mac tsegulani Finder, dinani Command ndi K, mulembe smb://192.168.1.20. Pa Ubuntu tsegulani Files, mupite pa Other Locations kapena Network, mulembe chimodzimodzi smb://192.168.1.20. Taonani kuti timizere ta Windows timapendekera mbali ina, ta Mac ndi Linux mbali inanso. Windows ikakubwezerani nambala 0x80070035 kapena System error 53, ikunena kuti njira sinapezeke, ndiye vuto likadali ku adiresi kapena ku firewall. Koma ikakufunsani dzina ndi pasiwedi, dziwani kuti zonse za m'mbuyomu zatheka.

Pa dzina ndi pasiwedi m'pamene anthu amakhumudwira kwambiri. Zimene zikufunidwa ndi za akaunti ya pa kompyuta yosunga fodayo, osati za imene mwakhalapo inuyo. PIN ya manambala imene alembi amatsegulira kompyuta m'mawa sigwira ntchito pa netiweki. Pamafunika pasiwedi yeniyeni, ndipo ngati akauntiyo ndi ya Microsoft, dzina lake ndi imelo ija. Komanso Windows sililola akaunti yopanda pasiwedi kulowa kudzera pa netiweki. Kuti mupewe zonsezi, pangani pa kompyuta yosungayo akaunti wamba yongogawanira mafayilo, muitche mwachitsanzo ogawana, muipatse pasiwedi yolimba, ndipo onse azilowera pamenepo. Mukatero akuluakulu a ofesi sakakamizika kuulula pasiwedi yawo kwa aliyense. Ngati Windows ikukanabe, lembani dzina la kompyuta yosungayo patsogolo, motere: ALEMBI-PC\ogawana.

Nthawi zina pasiwedi imakhala yolondola koma kompyuta ikutumiza yakale imene inasunga osakufunsani. Pa Windows tsegulani Credential Manager, pa Windows Credentials, mufufute mzere wa adiresi imeneyo, kenako mu Command Prompt mulembe net use * /delete kuti mudule zolumikizana zakale zonse. Chenjezani kaye mwini kompyuta kuti asunge ndi kutseka mafayilo a pa netiweki amene watsegula. Lamulo lomweli limathetsa error 1219, imene imabwera mukayesa kulowa pa kompyuta imodzi ndi mayina awiri. Pa Mac mapasiwedi otere amasungidwa mu Keychain Access.

Mukalowa koma n'kuuzidwa kuti Access denied, kapena mukutha kuwerenga koma osasunga, vuto ndi zilolezo. Windows ili ndi zilolezo ziwiri pa foda imodzi, ndipo ambiri amakonza chimodzi chokha. Dinani kumanja pa fodayo, musankhe Properties. Pa Sharing, mu Advanced Sharing ndi Permissions, perekani Change kwa akaunti ija. Kenako pitani pa Security, muwonjezere akaunti yomweyo n'kuipatsa Modify. Ziwirizi zikasemphana, chokhwima ndicho chimapambana. Ndi bwinonso kuti foda yogawana ikhale payokha, monga C:\Ofesi, osati pa Desktop kapena mu Documents mwa munthu, chifukwa mafoda amenewo ndi otsekedwa kwa ena.

Yosunga ikakhala Mac, lowani mu System Settings, General, Sharing, muyatse File Sharing, muwonjezere fodayo, ndipo mu Options muchonge dzina la akaunti pansi pa Windows File Sharing n'kulemba pasiwedi yake. Kachongedwe kameneka ndi kamene kamaiwalika.

Yosunga ikakhala ya Linux, pamafunika kulemba pang'ono mu Terminal. Pa Ubuntu ikani Samba ndi lamulo la sudo apt install samba, kenako kumapeto kwa fayilo ya /etc/samba/smb.conf muwonjezere mizere iyi:

[Ofesi]
path = /srv/ofesi
read only = no
valid users = mlembi

Dzina la mlembi liyenera kukhala la akaunti imene ilipo kale pa Linux, ndipo Samba imasunga mapasiwedi akeake, choncho lembani sudo smbpasswd -a mlembi kuti muipatse. Munthu akadumpha pamenepa, Windows imangokana pasiwedi mobwerezabwereza ngakhale ili yolondola pa Ubuntu. Foda ya /srv/ofesi ipangidwe ndipo ikhale ya akaunti yomweyo, zimene mungachite ndi sudo chown mlembi /srv/ofesi. Lembani testparm kuti ikuuzeni ngati mwalakwitsa kalembedwe, kenako sudo systemctl restart smbd, ndipo ngati firewall ndi yoyaka, sudo ufw allow samba. Samalani ndi hard drive yakunja: Ubuntu imailumikiza pansi pa /media m'dzina la munthu amene walowa pa kompyutayo, ndipo ena amakanizidwa. Ngati mukufunitsitsa kuti Linux izioneka pa Network ya Windows, pali pulogalamu yaing'ono yotchedwa wsdd imene imachita zimenezo. Pofuna kuona mafoda amene kompyuta ina ikugawa, lamulo la smbclient -L //192.168.1.20 -U ogawana limathandiza, chifukwa likalephera limanena chifukwa chake momveka kuposa Files.

Pali langizo lina limene mudzalipeza pa intaneti mobwerezabwereza, loti muyatse SMB 1.0 mu Windows Features. Nthawi zina limaoneka ngati lathetsa vuto, koma ndikukupemphani kuti musalitsatire. SMB1 ndi mtundu wakale kwambiri, ndipo kudzera m'chiboo chake ndi mmene vayirasi ya WannaCry inafalikira mu Meyi 2017 m'maiko oposa 150, n'kumanga mafayilo a anthu mpaka kusokoneza zipatala za ku Britain. Kuyambira kumapeto kwa chaka chomwecho Microsoft inayamba kuchotsa SMB1 mu Windows 10, ndipo Samba inaizimitsa kuyambira pa mtundu wa 4.11 mu 2019. Zimene zimaifunabe ndi Windows XP, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu Epulo 2014, mafotokope ena akale otumiza sikani ku foda, ndi marauta akale okhala ndi polowetsa fulashi. Windows 7 imadziwa kale SMB2, choncho siifuna SMB1. Kompyuta ya XP ikakhala kuti ikufunikabe chifukwa cha pulogalamu inayake, ichotseni pa netiweki izigwira ntchito payokha, ndipo fotokope yakale izisungira sikani pa fulashi yosankhidwira ntchito imeneyo yokha. N'zotopetsa, koma mndandanda wa olandira thandizo kapena zotsatira za mayeso a ophunzira zikamangidwa ndi vayirasi, palibe kope la m'kabati limene lingabweze ntchito ya miyezi.

Chofanana ndi chimenechi ndi foda yolowa aliyense popanda pasiwedi. Windows 11 ya mtundu wa 24H2, imene inatuluka mu 2024, inakhwimitsa malamulo pa kalowedwe kotere, makamaka pa Windows 11 Pro, moti mafoda amene kale ankatseguka okha anayamba kukana kompyuta ikangolandira update. Njira zobwezeretsera zakale zilipo, koma choyenera ndi kupanga akaunti ndi pasiwedi monga tafotokozera.

Foda ikayamba kutseguka, mavuto otsala amakhala a mafayilo enieniwo. Windows sililola zizindikiro izi m'dzina la fayilo: \ / : * ? " < > |. Munthu wa pa Mac akatcha fayilo kuti Lipoti 12/03/2025, kapena wa pa Linux akaikamo timadontho tiwiri, pa Windows dzinalo limaoneka losokonekera kapena fayiloyo imavuta kutsegula. Gwirizanani mu ofesi kuti tsiku lizilembedwa motere, 2025-03-12, zimene zimathandizanso kuti mafayilo azindandalika motsatira masiku. Linux imaona Lipoti.docx ndi lipoti.docx ngati mafayilo awiri, pomwe Windows imawaona ngati imodzi. Mafoda olowetsana kwambiri okhala ndi mayina aatali nawonso amavutitsa, chifukwa mapulogalamu ambiri a Windows amalephera njira yonse ya fayilo ikapitirira zilembo 260. Timafayilo totchedwa .DS_Store ndi toyamba ndi ._ si mavayirasi, timasiyidwa ndi Mac. Ndipo magetsi akathima wina ali mkati molemba, Word imasiya kafayilo kobisika koyamba ndi ~$, LibreOffice koyamba ndi .~lock, ndipo mawa lake fayiloyo imanena kuti wina akuigwiritsa ntchito. Tsimikizani kuti palibedi amene waitsegula, kenako mufufute kafayilo kobisikako.

Kuchedwa nthawi zambiri kumachokera ku Wi-Fi. Makoma a njerwa ndi malata amafooketsa mphamvu yake, choncho kompyuta yosunga foda ilumikizidwe ndi waya. Waya woyenda pa 100 Mbps amasamutsa pafupifupi 11 MB pa sekondi, wa gigabit amaposa 100 MB, ndipo tinthambo tina ta m'kati tikaduka, wa gigabit amatsikira pa 100 Mbps mwakachetechete. Dziwaninso kuti Windows wamba, monga Home ndi Pro, imalola makompyuta 20 okha kulumikizidwa nthawi imodzi, ndiye chipinda chophunzitsira chokhala ndi ochuluka kuposa pamenepo ndi bwino foda yake ikhale pa Linux. Tsiku ndi nthawi zikamabwerera m'mbuyo kompyuta ikazima, sinthani kabatire ka CR2032 ka m'kati mwake, apo ayi simudzadziwa kuti fayilo yatsopano ndi iti.

Chomaliza chimene muyenera kuuza onse mu ofesi tsiku lomwe foda yayamba kugwira ntchito ndi chakuti fayilo yofufutidwa kudzera pa netiweki kuchokera pa Windows sipita mu Recycle Bin, imangotheratu. Amene ntchito yawo ndi kuwerenga basi apangireni akaunti ina yokhala ndi chilolezo cha Read chokha. Sabata iliyonse koperani foda yonse pa hard drive yakunja yokonzedwa mu exFAT, imene Windows, Mac ndi Linux zatsopano zimaiwerenga ndi kuilemba, osati FAT32 imene imakana fayilo yoposa 4 GB. Mukamaliza kukopera ichotseni pa kompyuta kuti vayirasi kapena mphenzi zisaipeze, ndipo m'nyengo ya mvula, makamaka m'madera osefukira madzi monga Makhanga ndi Bangula, isungidwe m'chikwama chosalowa madzi, pamalo okwera, m'nyumba ina osati mu ofesi momwemo.